Desiki Lotsala

Anandiuza madesiki makumi anayi.
Matabwa a paini ndinakagula ku Likhubula,
misomali pa Chitakale, ya ngongole.
Milungu isanu ndakhala ndikupala:
utuchi m'ndevu, utuchi m'tiyi,
utuchi mpaka m'thumba la jekete yakutchalitchi.

Desiki limodzi ana awiri, anatero a komiti.
Ine ndikudziwa adzakhalapo anayi,
wachinayiyo thako limodzi lili m'malere,
n'chifukwa chake miyendo ndimaikhoma kawiri.

Tsiku lomwe mayina anamatidwa pakhoma
ndinasiya sowo pabenchi, ndinatenga Elube wanga.
Chala changa choduka nsonga chija
chinatsika pepala loyamba, chinatsika lachiwiri,
n'kukaima pakati pa lachitatu:
Elube Namaona, wakhoza.
Kutsogolo kwa dzinalo,
pomwe anzake awalembera sukulu,
panali mbee! ngati thabwa lopala kumene.

Wakhoza. Sanasankhidwe.
Mawu awiriwa ndayesa kuwalumikiza,
ndapaka guluu, ndakhoma msomali,
akukana kugwirana.

Lachinayi kunabwera bwana wa galimoto yoyera,
anaima pansi pa mtengo wa mapeyala.
Akuti akuganiza zoti makolo tizisankha tokha.
Kholo lizilandira pepala la mizere itatu,
lizilemba sukulu zitatu zakumtima kwake.
Anthu anaomba m'manja. Nanenso ndinaomba,
manja a kalipentala sachedwa kulira.

Apo Mayi Mukhova, othyola tiyi ku esiteti,
anaimirira, chipande cha pulasitiki chikadali m'chiuno:
"Bwana, minibasi ikadzaza pa Limbuli,
kondakitala n'kundifunsa mpando womwe ndikufuna,
ndikaloza, ndikhala pa ndani?"
Bwana anaseka, nalemba m'kabuku.
Anati funsolo apita nalo ku likulu.

Usiku ndinadzaza mizere itatu ija m'mutu.
Woyamba ndinalemba yogonera komweko, ya mpanda wa njerwa,
koma fizi yake ndi madesiki makumi awiri pa teremu,
ndipo ine manja ndili nawo awiri.
Wachiwiri ndinalemba ya eni ake, kuseri kwa msika,
momwe kale munkagulitsidwa feteleza;
fungo lake silinachoke,
aphunzitsi ndiwo amachoka mwezi ukatha.
Wachitatu ndinatembenuka pamphasa kanthawi.
Yatsala ndi yoyendera, kutsidya kwa Lichenya,
mvula ikagwa m'phiri ana amabwerera pamtsinje.
Ndiye yomweyo yandipatsa ntchitoyi.
Madesiki anga akapeza eni ake akudikira kale,
mayina awo ali m'buku, ena ali pakhomo.

Sindikukana kusankha, ayi.
Thabwa ndimasankha, ndimaligogoda ndimve kulira kwake.
Koma ndimasankha pomwe pali mulu.

Lolemba lole inabwera.
Tinawerenga limodzi ndi dalaivala mpaka makumi anayi,
Elube akuthandiza kunyamula, iye kumiyendo, ine kumutu,
ngati tikutulutsa maliro a munthu wosamudziwa.
Anapukuta fumbi pa lomaliza ndi chitenje chake
lisanakwere.

Zidutswa zinatsala pansi pa benchi,
china cha mfundo, china chokhota.
Sindinauze munthu.
Ndinakhoma mpaka nyale inatha mafuta,
mwendo umodzi n'kuuonjezera ndi kathabwa ka mlombwa.

Lili pakhonde tsopano, kuyang'ana kuphiri.
Elube amakhalapo ndi makope a chaka chatha,
akuti abwereza, mwina dzina lidzapeza mnzake.
Dzulo ndinamuona akulemba pathabwa ndi msomali
E ndi N, mozama.
Ine amene ndimakalipira ana a eni pa zimenezi
ndinangotembenuka, n'kumanola tchizulo.

M'mawa uno wabwera mwana wa a Mukhova,
naye wakhoza, naye patsogolo pake n'poyera.
Elube wasendeza chigongono.
Madzulo ano ndatenga hamala,
miyendo ija ndaikhomanso kawiri.